Chris Hadfield, mkulu amene anatchuka ndi kansalu konyowa

[Pa sikirini: bambo wa ndevu za pamlomo akufinya kansalu]

Tayang'anitsitsani manja ake. Akufinya ndithu, koma madzi sakugwa, poti mumlengalenga zinthu zimangoyandama. Angomata zala ngati ulimbo. Umu munali mu Epulo 2013, m'siteshoni ya mumlengalenga ya ISS, ndipo amene anamupempha kuti ayese zimenezi anali atsikana awiri a sukulu ya sekondale ku Canada. Anthu ambiri anamudziwira pa kansalu kameneka. Mkuluyu ndi Chris Hadfield, katswiri wa maulendo a mumlengalenga wa ku Canada.

Anabadwa mu 1959 mumzinda wa Sarnia ku Canada, n'kukulira pa famu ya chimanga m'chigawo cha Ontario. Ali ndi zaka 9 anaonera pa TV Neil Armstrong akuponda pamwezi, mtima n'kupita komweko. Vuto linali lakuti nthawi imeneyo dziko la Canada linalibe n'komwe anthu opita kumlengalenga. Iye anangolowa usilikali, n'kumaulutsa ndege zankhondo ndi kuyesa ndege zatsopano, mpaka mu 1992 anasankhidwa kuti azipita kumlengalenga. Ulendo woyamba unali wa mu 1995, wopita ku siteshoni ya Russia yotchedwa Mir.

Koma nkhani imene ine imandiimitsa mutu ndi ya mu 2001. Hadfield watuluka kunja kwa chombo, munthu woyamba wa ku Canada kutero, akumangirira mkono wa loboti wa Canadarm2 pa ISS. Mwadzidzidzi diso lamanzere layamba kuthethetsa. Mankhwala opaka pagalasi la chisoti kuti lisachite nthunzi amulowa m'diso. Kupukuta sangathe, dzanja lili kunja kwa chisoti. Ndiye kumenekuja misozi siitsika m'masaya ayi. Inangounjikana padiso, kuwunjikana, mpaka inawoloka mphuno n'kutseka linalo. Maso onse awiri bii, munthu atagwirira chitsulo kunja kwa chombo chothamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola! Akuluakulu oyang'anira ulendowo ku Houston, ku America, anamuuza kuti atsegule potulukira mpweya. Anadikira mpaka misozi itasungunula mankhwalawo, n'kupitiriza ntchito yake.

Zimenezi ambiri anadzazimva atatchuka kale. Kutchuka kunabwera pa ulendo wachitatu. Ananyamuka mu Disembala 2012 pa chombo cha Soyuz, ndipo mu Marichi 2013 anakhala mtsogoleri wa ISS. Ankaonetsa zinthu zooneka ngati zachabechabe: kutsuka mano, kuwenga zikhadabo, kugona. Zithunzi zake za dziko lapansi zinkafalikira pa Twitter, mwana wake akumuthandiza ali pansi pano. Atatsala pang'ono kubwerera anatenga gitala n'kuimba nyimbo ya David Bowie ya Space Oddity akuyandama, vidiyoyo n'kuwanda ngati moto wolusa.

Anatera ku Kazakhstan mu Meyi 2013, n'kupuma pantchito mu Julayi. Kuyambira pamenepo wakhala akulemba mabuku ndi kuyankhula m'misonkhano, ndipo anaphunzitsako pa yunivesite ya Waterloo. Atangotera, anauza atolankhani kuti ankamva kulemera kwa milomo ndi lilime lake. Pa miyezi isanu ija anali atazolowera kuyankhula ndi lilime losalemera.