Kamera Imodzi, Mabwana Awiri: Zithunzi za Malonda ndi Zithunzi za Luso

(M'mamawa ku Senga Bay. Mabwato akufika kumtunda.)

Mwadzuka bwanji abale anga? Lero ndili pamchenga kuno ku Senga Bay, m'boma la Salima, ndipo ndabwera ndi zithunzi ziwiri zoti tionere limodzi. Zonse ndinajambula ndine, ndi kamera yomweyi, sabata imodzi, ndipo zonse muli nsomba.

(Chithunzi choyamba: chambo chowotcha m'mbale yoyera.)

Ichi anandituma ndi mwini malo ena ogona alendo konkuno. Taonani mmene khungu la chambo likuwalira. Ndinalipaka mafuta ophikira ndi kaburashi. Tebulo tinalikokera pafupi ndi zenera, mbali inayo mnyamata wina atagwira katoni yoyera yobweza kuwala kuti mthunzi usade, wina akukupiza mbale kuti ntchentche zisatere. Mpunga wa ku Lifuwu tinauumba ndi kapu. Nditawaonetsa, bambowo anati, "Achimwene, kumbuyoku kukuoneka maukonde. Ine ndikufuna nyanja yokha." Sindinawiringule. Ndinasuntha tebulo n'kujambulanso.

Zithunzi za malonda ndi zimenezi. Pali amene watuma, pali chimene akufuna, pali tsiku lopereka ntchito, pali mtengo. Chithunzichi chikhoza ngati munthu wa ku Lilongwe achiona pa Facebook, malovu n'kudzaza m'kamwa, Loweruka n'kuliza galimoto kubwera kunyanja. Zithunzi za pazikwangwani, za zovala zogulitsa pa WhatsApp, za nyumba za lendi, zili m'gulu lomweli. Ena amaikamonso za maukwati ndi zinkhoswe, poti nakonso wolamula ndi kasitomala.

(Chithunzi chachiwiri: manja a mayi pa thandala la usipa.)

Ichi sanandituma munthu. Ndinadzuka usiku, nyali za asiginala, amene amakopa usipa ndi kuwala, zikadaoneka panyanja, n'kudikira kuti asodzi a khoka la chilimira akocheze. Dzuwa litakwera ndinapeza mayi awa akutembenuza usipa pa thandala. Ndinati, "Amayi, mungandilole ndijambule manja anu?" Anaseka, nati, "Manja okhaokha, mwanangu? Nkhope ayi?" Taonani mamba atakakamira m'zala, ming'alu ya m'zikhatho, mphete imene inaloŵerera m'chala moti singavukenso. Ntchentche izo ndinazisiya dala. Pa chambo chija zikanaononga malonda, koma apa ndi mbali ya zoona zimene ndimafuna kunena: ndiwo imene timagula pa kambale ku msika imadutsa m'manja otere.

Ndiye kusiyana kwake musakufune mu kamera, kapena m'kukongola. Funsani kuti chithunzichi chikuyankha kwa yani. Cha malonda chimayankha kwa wolipira. Cha luso chimayankha kwa wojambula mwini, ndipo chikalephera palibe wina womuloza chala.

Ndalama zakenso zimayenda mosiyana. Wa malonda amalipidwa pa ntchito, mwina pa tsiku, ndipo kasitomala amafuna chithunzicho chifalikire paliponse. Wa luso amatsukitsa makope oŵerengeka, kusainira lililonse ndi kulemba nambala, monga 3/10, kutanthauza lachitatu mwa khumi, ndipo akatha khumiwo satsukitsanso. Kuchepako n'kumene kumakweza mtengo. Mjeremani wina, Andreas Gursky, anajambula mtsinje wa Rhine, n'kufufuta pa kompyuta fakitale ndi anthu oyenda ndi agalu, kutsala udzu, madzi ndi thambo basi. Makope ake alipo 6 okha. Limodzi linagulidwa madola 4.3 miliyoni ku New York mu 2011. Mwaona? Nayenso anachotsa zakumbuyo ngati mmene ndinachotsera maukonde. Koma iye anachotsa mwa kufuna kwake.

Pali anzathu ena amene amaona ngati kujambula za malonda n'kudzitsitsa. Ine zimenezo zimandipweteka, chifukwa mbiri siikutero. Edward Steichen, amene anathandizana ndi Alfred Stieglitz kumenyera kuti zithunzi zilemekezedwe ngati luso ku America, mu 1923 anayamba kujambulira magazini a Vogue ndi Vanity Fair, ndipo anajambulanso zotsatsa malonda. Wojambula wina wa ku America, Man Ray, ankadya za zithunzi za mafashoni ku Paris, koma chithunzi chake china chinagulidwa madola 12.4 miliyoni mu 2022.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya kuno ku Africa. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali bambo wina dzina lake Seydou Keïta. Anatsegula situdiyo mu 1948. Ntchito yake inali yomweyi timaidziŵa ife: munthu wavala zatsopano, akufuna chithunzi chotumiza kwa abale kumudzi. Ankajambulira pabwalo ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo atapachika nsalu yamaluwa. Anali ndi wailesi, wotchi, njinga yamoto, zobwereketsa makasitomala kuti aoneke otsogola, monga ankachitira ojambula athu akale pokupatsani duwa la pulasitiki kapena foni yosalumikiza. Inali bizinesi yeniyeni.

Mu 1991 zithunzi zake zingapo zinaonetsedwa ku New York, pansi pake atalemba kuti wojambula sakudziŵika. Mfalansa wina, André Magnin, anapita ku Bamako kukamufunafuna. Anamupeza, ndipo anapezanso manegetivu, mafilimu amene amatsukirapo zithunzi, zikwizikwi atasungidwa bwinobwino. Mu 1994 ku Paris kunachitika chionetsero cha zithunzi zake zokha. Zithunzi zomwezo, zimene anthu ankalipira kuti akapachike pabalaza, zinakuzidwa n'kuloŵa m'nyumba zazikulu za zaluso. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, amene ankazungulira m'madansi a achinyamata usiku n'kumagulitsa zithunzi kutacha, analandira mphoto yaikulu ya zaluso ya Golden Lion ku Venice, m'dziko la Italy, mu 2007.

Chinasintha n'chiyani? Zithunzizo sizinasinthe. Anthu anadzaona kuti m'kati mwa ntchito yolipidwa ija munali diso la munthu mmodzi: mmene ankaimikira mayi, mmene ankagwirizanitsira maluwa a chitenje ndi maluwa a nsalu yakumbuyo, mmene ankakhazikira dzanja pa chibwano.

Ndipo zonsezi zinatheka chifukwa Keïta anasunga manegetivu ake. Apa mpamene mtima umandiŵaŵa. Zaka zanga zoyamba ndinkajambula maukwati kuyambira ku Chipoka mpaka ku Khombedza, ndipo ndikangopereka zithunzi ndinkafufuta khadi ya mu kamera kuti Loweruka lina ndipeze malo. Munali agogo ovina pa perekaniperekani amene lero kulibe. Munali ankhoswe atagwira nkhuku ndi lichero. Zonse zinapita, ndinazifufuta ndi chala changa.

Tsono inu amene mukuyamba, mukalandira ntchito lembani pangano, ngakhale papepala la m'kope: zithunzi zingati, azigwiritsa ntchito pati, mpaka liti, ndiponso ngati inu muli ndi ufulu wodzazionetsa kwina. Za umwini wa ntchito zaluso muno m'Malawi zili m'lamulo la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene mungalifunse. Ndipo munthu amene mukumujambula mwa inu nokha, m'pempheni kaye, mumuuze kumene chithunzicho chikupita.

(Kubwerera ku thandala. Wojambula atanyamula envelopu.)

Ndalama ya chambo ija ndi imene ndatsukitsira chithunzi cha manja, makope asanu. Loyamba ndi la eni manja. Awo ali apowo, akuyanika usipa wa lero.

Odi, amayi! Mwaswera bwanji? Ndabwera ndi katundu wanu uja.