Wosewera akagwa popanda womugunda: zimene mutu wa nkhani sukuuzani

[Chithunzi: nyumba yoonetsera mpira ku Mangochi Boma, anthu aunjikana pa foni imodzi]

Okonda mpira, takulandirani. Mikangano yambiri masiku ano imayamba chonchi: wosewera wagwa ku Ulaya, wina waponya chithunzi cha nkhaniyo pa gulu la WhatsApp, koma chikuoneka ndi mutu ndi mizere iwiri basi. Pansi pake akuti lipirani kuti muwerenge yonse. Mpata wotsalawo aliyense amadzazamo zake. Wina akuti ndi mankhwala ozunguza bongo, wina akuti timu inayo inakhwima.

Kulipiritsako pakokha si kuba. Tsamba la nkhani za masewero ngati The Athletic, limene kampani ya nyuzipepala ya ku America ya New York Times inagula mu 2022 pa madola 550 miliyoni, limalipira atolankhani okhala miyezi akufunsa madokotala. Koma mtengo wake ndi wa madola ndipo umafuna khadi la kubanki, pamene ambirife tili ndi Mpamba, Airtel Money ndi bandulo ya tsiku limodzi. Chabwino n'chakuti zimene zimapulumutsa moyo pabwalo sizinatsekeredwe. Malamulo a mpira a IFAB, bungwe lokonza malamulo a mpira pa dziko lonse, ali ulere pa intaneti, ndipo zotsatirazi mungaziphunzire lero.

[Chithunzi: bwalo la fumbi, wosewera wagona pansi]

Tiyambe ndi mtima, chifukwa apa mphindi ndi zochepa. Pa 26 Juni 2003 ku Lyon, Marc-Vivien Foé wa Cameroon anagwa pakati pa bwalo akusewera ndi Colombia, palibe amene anamukhudza, ndipo anamwalira. Pa 12 Juni 2021 ku Copenhagen, Christian Eriksen wa Denmark anagwanso chimodzimodzi akusewera ndi Finland. Iyeyu anamupsinja pachifuwa msanga, n'kumudzidzimutsa mtima ndi kachipangizo kotchedwa AED, ndipo anabwereranso mu mpira.

Choncho wosewera akagwa yekha, popanda womugunda, ndipo sakuyankha, ganizani za mtima kaye. Anthu amasokonezeka chifukwa wodwalayo amatha kuphupha ngati wa khunyu, maso ali chitsegukire, n'kumakoka mpweya mwa apo ndi apo ngati nsomba yoti yaponyedwa pamchenga. Kumeneko si kupuma. Musataye nthawi kumupisa zala kapena supuni m'kamwa poti angameze lilime, munthu sameza lilime lake. Musamumwetse madzi, musamunyamule miyendo ndi manja kupita naye pansi pa mtengo.

Mugonekeni chagada pamalo olimba pomwepo. Lozani munthu mmodzi, m'tchuleni dzina, akabweretse galimoto kapena aimbe foni kuchipatala. Mukangofuula kuti wina aitane ambulansi, aliyense amayesa kuti mnzake waitana kale. Ikani chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba pake, zigongono zowongoka, n'kupsinja masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Ndiye kuti pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse. Wophunzitsidwa bwino amapsinja ka 30 n'kuuzira mpweya kawiri. Ngati simudziwa kuuzira, pitirizani kupsinja osaleka. Sinthanani pakatha mphindi ziwiri, chifukwa mikono ikatopa mumayamba kungosisita. Nthiti ikhoza kuthyoka, musaleke, nthiti imapola. AED ikapezeka iyatseni, imalankhula yokha n'kukuuzani pomata mapepala ake.

[Chithunzi: osewera awiri akulumphira mpira wa m'mwamba]

Tsopano mutu. Awiri akagundana mitu, ubongo umagwedezeka m'kati mwa chigaza, ndipo nthawi zambiri munthu sakomoka n'komwe. Amadzuka, kudzikuntha fumbi, n'kumauza kochi kuti ali bwino. Yang'anani izi: akudzandira, maso ali gwa, wagwira mutu, sakudziwa kuti zigoli zili bwanji kapena akusewera ndi timu iti. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuti atuluke, ndipo asabwerere tsiku limenelo ngakhale ndi fainolo ya bonanza. Kugundidwanso ubongo usanapole n'kumene kumavulaza koopsa, makamaka ana ndi achinyamata.

Mu Marichi 2024 IFAB inalola kuti mipikisano imene yafuna ipatse timu mwayi wina wapadera wosintha wosewera wovulala mutu, osawerengera pa kusintha kwa nthawi zonse. Cholinga chake n'choti kochi asamaumirire mwana wa eni poopa kutsala ndi osewera 10. Ku Britain, malangizo a 2023 a masewero a m'madera amati wotereyu asapikisane mpaka patadutsa masiku 21.

Usiku woyamba asagone yekha, asamwe mowa, asayendetse njinga yamoto. Akayamba kusanza mobwereza, mutu ukupwetekerapwetekera, kuwodzera kovuta kumudzutsa, kapena dzanja kufooka, m'tengereni kuchipatala usiku womwewo. Akadandaula khosi, musamutembenuze mutu.

[Chithunzi: dzuwa la masana, ndowa za madzi pambali pa bwalo]

Kutentha, kuno kunyanja sitichita kuuzidwa. Mpira woyamba 2 koloko masana mu Okutobala ndi Novembala umaphika munthu. Malamulo amapatsa oyimbira mphamvu yoimitsa masewero mphindi imodzi kuti osewera amwe madzi, kapena masekondi 90 mpaka mphindi 3 kuti aziziritse thupi, ndipo nthawiyo imabwezedwa kumapeto. Wosewera akayamba kulankhula zosokonekera thupi lili moto, m'ziziritseni kaye asanakwere galimoto: pamthunzi, vulani jezi, thirani madzi thupi lonse, kupizani, nsalu zonyowa m'khosi ndi m'khwapa. Wotha kumeza bwino m'patseni Thanzi ORS, kapena lita imodzi ya madzi abwino yothira masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Inu akomiti okonza mabonanza ku Namwera, Makanjira kapena Monkey Bay, musanaimbe wezulo gwirizanani kuti wodziwa kupsinja pachifuwa akhala pati, galimoto yothamangira kuchipatala ndi ya ndani, ili ndi mafuta kapena ayi, ndipo yaima poti ena sanaitsekereze. Makiyi akhale m'thumba mwa dalaivala, ndipo dalaivalayo asachoke pabwalo mpaka mpira utatha.