Za nchito yolemba pa intaneti, Amai mumve limodzi ndi mwana wanu

Amai muli bwanji kumeneko, Atate mwendo uja uli bwanji? Ine kuno ku Leeds ndili bwino, kuzizira chabe. Uthenga uwu utalika pang'ono ndiye muike foni pa sipika mumve nonse, iwe mng'ono wanga khala pafupi chifukwa nkhani ndi yako.

Amai ndamva kuti mwadandaula, ati mwana afuna kumangokhala pa kompyuta m'malo mofuna nchito yeniyeni, ndipo ena akuuzani kuti ndalama za pa intaneti ndi zakuba olo za Satana. Ayi Amai, mtima pansi. Mukatsegula foni kufufuza malo ogona ku Mfuwe olo kabzalidwe ka soya, mawu amene mumawerengawo pali munthu amene anakhala pansi nkuwalemba. Makampani ambiri alibe wolemba wawowawo, amangopeza munthu, alembe nkhani imodzi, amulipire, basi zatha. Ndi ganyu monga ya kumunda, kungoti khasu lake ndi mawu. Palibe salale ya pa mwezi, palibe bwana wokudulira za NAPSA, mwezi wina ndalama ibwera mwezi wina zii. Ndiye ndikupemphani, miyezi yoyambirira musamuwerengere kuti agula feteleza, musamufunse tsiku ndi tsiku kuti zalowa zingati, afooka asanayambe nkomwe.

Tsopano iwe. Ndikuuze zoona, nchito iyi yalimba kusiyana ndi kale. Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, tinkhani twamba tija ta njira khumi zochepetsera thupi, anthu akulembetsa kwa makina ulere, palibe angakulipire za nzeru pa zimenezo. Chimene chikadali ndi mtengo ndi chimene iwe udziwa chifukwa ulipo, unaona ndi maso, ungathe kupita kukafunsa munthu. Iwe unakulira ku Chipata. Udziwa mmene Nc'wala imakhalira ku Mtenguleni mu February, fumbi lake, kumene alendo amagona, mmene mamotoka amadzazira pa msewu. Udziwa Kulamba ku Mkaika mu August. Udziwa kuwoloka pa Mwami kupita ku Mchinji, zimene amafunsa pa boda, ndi ulendo wa ku Mfuwe nthawi ya mvula. Mlendo amene afuna kukaona nyama ku South Luangwa amafufuza zomwezi asanagule tikiti, ndipo malodji ndi makampani onyamula alendo amafuna wolemba amene sakungoganizira. Za ulimi chimodzimodzi, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje, mmene mlimi amagulitsira kwa mavenda atangokolola chifukwa cha fizi ya ana, izi wazionera pakhomo pathu pomwe. Sankha mbali imodzi olo ziwiri ukhazikike pamenepo, usakhale wolemba chilichonse. Komanso usaiwale kuti uli ndi zilankhulo ziwiri, mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi amafuna womasulira timapepala tawo kuchoka m'Chingelezi kupita m'Chinyanja chimene agogo kumudzi angamve, ndipo anthu ochita zimenezo bwino ndi ochepa.

Usanafunsire nchito kulikonse lemba nkhani zitatu olo zinayi zako, zabwino, zoti munthu akafunsa kuti unalembapo chani umutumizire linki. Ungaziike pa Medium, webusaiti yoikapo nkhani, ndi ulere, olo mu Google Docs. Utsegulenso LinkedIn, imene ili ngati Facebook ya za nchito, ndi chithunzi chaulemu, osati chija cha pa ukwati. Ndipo ine ndikadakonda uyambire mu tauni momwemo. Yenda m'malodji, masukulu a pulaiveti, mashopu aku Down Shops, ona mapeji awo a Facebook, ambiri anasiya kulemba kalekale olo analemba zosamveka. Uwauze kuti ine ndizikulemberani pa sabata kangapo, mtengo wake uwu. Ndalama yake ndi yochepa inde koma ilowa pa Airtel Money olo MoMo tsiku lomwelo, ndipo upeza munthu woti akuchitire umboni kuti mtsikanayu amagwira nchito.

Za kunja, malo odziwika ndi Upwork ndi Fiverr. Pa Upwork kasitomala amaika nchito iwe nkufunsira, koma kufunsirako kumadya timapointi totchedwa Connects, tikatha umagula, ndiye usamangowaza paliponse, werenga bwino chimene munthuyo afuna, umuyankhe za nchito yakeyo m'mizere yochepa, osayamba ndi mbiri ya moyo wako. Pa Fiverr ndiwe umaika chimene ugulitsa anthu nkukupeza, koma pa madola 100 alionse iwo amatengapo 20, ndipo kwa woyamba kumene ndalama imadikira masiku 14 usanaitulutse. Upwork nayo imadula gawo lake. Ukamatchula mtengo uziwerengera zimenezi pamodzi ndi mabando ako. Pa Upwork ngati mwagwirizana mtengo wa nchito yonse, usalembe olo liwu limodzi mpaka uone kuti kasitomala waika ndalama ija mu escrow, ndiye kuti ili m'manja mwa kampaniyo ikudikira umalize.

Dzina pa akaunti likhale lomwe lili pa NRC yako, chilembo ndi chilembo, chifukwa adzafuna kuona chitupa ndi nkhope yako. Ukamva wina akugulitsa akaunti yakale ati ili ndi nyenyezi zambiri, zija makasitomala amapatsa munthu akagwira bwino nchito, olo ati tsegula ngati uli ku America, usayese, akazindikira amatseka ndipo ndalama zili mkatimo umazivutikira. Polandira ndalama ambiri amagwiritsa nchito Payoneer, imalumikizidwa ku akaunti ya ku banki, madola asanduka makwacha. Ku banki adzafuna TPIN ya ku ZRA, kutenga kwake ndi ulere, osalipira munthu wa pa msewu kuti akutengere. Ugule kabuku uzilemba ndalama iliyonse yalowa, tsiku lake ndi amene walipira, za msonkho zikadzafika usadzasowe poyambira.

Apa mvetsetsa, Amai inunso mumve. Nchito yeniyeni siyamba ndi iwe kulipira. Munthu akakulembera pa WhatsApp olo Telegram kuti tumiza K200 ya kulembetsa, ya tireningi, olo kuti ndalama zako zakonzeka koma lipira kaye ya kutulutsira, ameneyo ndi wakuba, mubuloke osayankha. Akakupempha nambala imene yabwera pa foni yako olo PIN, chimodzimodzi. Ena amati lemba nkhani yaitali ya ulere tione luso lako, ukatumiza basi asowa, nkhani yako aigwiritsa nchito. Woyesa alipire olo pang'ono, apo ayi aone zija unalemba kale. Palinso aja olembera ana a ku yunivesite ma asainimenti, ndalama yake imakopa koma ine sindifuna ulowe m'menemo, kuno ku England anaika lamulo mu 2022 loletsa bizinesi imeneyo, komanso zimene walemba sungaonetse munthu kuti ndi zako, ndiye zaka zipita ulibe dzina.

Kukopera za eni ndi kumene kumapha anthu ambiri. Makasitomala ali ndi zida monga Copyscape zoonera ngati mawu anachotsedwa pena, akakugwira kamodzi alemba pa akaunti yako aliyense aone. Za ChatGPT funsa kasitomala poyamba ngati alola, ena salola, ndipo imatha kupeka zinthu zoti kulibe, ndiye nambala iliyonse, dzina lililonse, uzitsimikiza wekha. Uphunzirenso pang'ono za SEO, kutanthauza kulemba moti Google ipeze nkhani yako, ndi kaikidwe ka nkhani pa WordPress, pulogalamu imene mawebusaiti ambiri amagwiritsa nchito, zonsezi zili pa YouTube ulere.

Malaiti ndidziwa mmene alili kumeneko. Kasitomala wa kunja samva zoti malaiti anapita, iye anati Lachisanu ndi Lachisanu. Ndiye ukaona kuti nchito itenga masiku awiri uzinena atatu, malaiti akabwera olo usiku tchaja zonse, ndipo uzilemba osatsegula data, utsegule pofufuza ndi potumiza chabe. Kumbuka nthawi, kuno tili kumbuyo kwanu ndi maola awiri nthawi yozizira, ola limodzi nthawi yotentha, New York ndi maola 6 olo 7, funsa kuti akati 5 koloko akunena ya kuti.

Amai chomaliza ndi chanu. Mumupatseko m'mawa, kuyambira atamaliza kusesa mpaka nthawi ya nsima, asatumidwe ku Kapata pakati pa nchito, enawo aliponso angapite. Laputopu ndagula, ibwera ndi mnzanga amene akubwera ku Lusaka mwezi wa mawa, aiika pa basi ndidzakuuzani tsiku. Ndi ya nchito, si ya mafilimu a ana a amalume. Iwe sabata ino katenge TPIN, ndipo Lamlungu unditumizire nkhani yoyamba olo uilembe pa foni, yamba ndi ya Nc'wala, ndiiwerenga ndikaweruka. Mupereke moni kwa onse.