Makalata a omvera: khosi ndi mimba ya mwana zikukumana pati?

Takulandirani nonse amene mwatchera khutu. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti tisatchule dzina lake. Alemba motere:

"Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anamupeza ndi matenda a chithokomiro otchedwa Hashimoto. Amamwa mankhwala a chithokomiro otchedwa levothyroxine m'mawa uliwonse, ndipo adokotala awonjezera mlingo kawiri konse, koma akadali wofooka, magazi ndi ochepa, mimba imatupa, anzake amupitirira msinkhu. Tsopano akuti amuyeze matenda a celiac. Khosi ndi mimba zikugwirizana bwanji? Mchemwali wanga akuti ndingosiya kumupatsa za tirigu lero lomwe."

Mayi, pepani kwambiri, mtima wa kholo sukhala m'malo mwana akamafooka chonchi. Ndiyambe ndi mawu a mchemwali wanu, chifukwa ndiwo ofulumira. Akukufunirani zabwino, koma chonde musasiye tirigu mwana asanayezedwe. Kuyeza kwa magazi kotchedwa tTG-IgA kumafufuza asilikali amene thupi la wodwala celiac limapanga likakumana ndi gluten, puloteni ya mu tirigu, balere ndi rye. Mukachotsa gluten msanga, asilikaliwo amatsika, zotsatira zimatha kuoneka zabwino pamene matenda alipo, ndipo mumabwerera kunyumba osadziwa chimene chikumudya mwana.

Tsono kugwirizana kwake. Matenda awiriwa amayamba pamene chitetezo cha m'thupi chasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Mu matenda amene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawafotokoza mu 1912, chitetezocho chimawononga chithokomiro, ndiye mahomoni amachepa. Mu celiac, munthu akadya gluten, chimaphwanya tinsonga ta m'matumbo aang'ono timene timayamwa chakudya. Ndi matenda apachibale, chifukwa zina mwa zotengera kwa makolo zimene zimatsegulira khomo limodzi zimatsegulanso linalo. Kwa celiac zodziwika kwambiri ndi HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8. N'chifukwa chake mwana wodwala amodzi amakhala pachiopsezo chachikulu cha enawo kuposa ana ena, monganso ana a shuga wa mtundu woyamba kapena obadwa ndi Down syndrome.

Chandigwira mtima m'kalata yanu ndi mlingo womwe ukungokwera. Levothyroxine amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono omwewo. Matumbo akatupa n'kuwonongeka, mbali ina ya mankhwala imangodutsa, ayironi nayenso osayamwidwa bwino, magazi n'kuchepa. Adokotala anu aona patali. Ngati celiac apezeka ndipo matumbo achira, mankhwala amayamba kulowa bwino, moti nthawi zina mlingo umafunika kutsitsidwa. Muzipita kukayezetsa TSH, homoni ya m'magazi yosonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, monga akuuzirani, musasinthe mlingo nokha. Ndipo ngati akumwa mapiritsi a ayironi kapena calcium, asiyanitseni ndi levothyroxine ndi maola pafupifupi 4, chifukwa amatsekereza mankhwalawo.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina, yaifupi: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi celiac ndipo sitimupatsa gluten ngakhale kachidutswa. Kodi ndiye kuti chithokomiro chake n'chotetezeka? Nanga azing'ono ake?"

Bambo, mwachita bwino kwambiri, ndipo khama lanu likuchiritsa matumbo ake. Koma sindingakulonjezeni kuti chithokomiro chatchingidwa. Kupewa gluten ndiwo mankhwala a celiac, pamene chithokomiro chimatha kudwala ngakhale mwana akusamala zakudya bwinobwino, poti zotengera zija akadali nazo. Muzimuyang'ana. Akayamba kugona kwambiri, kumva kuzizira anzake akutuluka thukuta, kudzimbidwa, khungu kuuma, khosi kutupa kapena kukula mochedwa, pemphani kuti amuyeze TSH ndi T4, homoni yopangidwa ndi chithokomiro. Chithokomiro chimathanso kugwira ntchito mopitirira, matenda a Graves, ndipo zikatero mwana amaonda akudya bwino, mtima umagunda mothamanga, manja amanjenjemera.

Za azing'ono ake, inde, ayezedwe, pamodzi ndi inu ndi amayi awo. Celiac amapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 100, koma pakati pa makolo ndi abale a bere limodzi a wodwala amafika pafupifupi mmodzi pa 10, ndipo ena samva kupweteka kulikonse. Iwonso apite kukayezedwa akudya za tirigu monga mwa masiku onse.