Kompyuta Ikakanika Kulumikizana ndi Seva, Tiyambire Pati?

Moni nonse amene mukutionera. Kompyuta ya wantchito ikalephera kufika ku seva, kompyuta imene imatumikira makompyuta ena pa netiweki, anthu ambiri amathamangira kukazimitsa sevayo ndi kuiyatsanso, ndipo potero amasokoneza anzawo amene ntchito yawo imayenda bwinobwino. Musanaikhudze, fufuzani ngati vutoli lili pa kompyuta imodzi kapena pa onse. Ngati ndi imodzi yokha, seva isiyeni kaye.

Suzumirani kumbuyo kwa kompyuta, pamene palowa chingwe cha netiweki. Timagetsi tapamenepo tikakhala kuti sitikuyaka, yesani chingwe china kapena bowo lina pa switch, kabokosi kamene kamalumikiza zingwe za makompyuta, ndipo mukumbukire kuti chingwe cha Ethernet sichiyenera kupitirira mamita 100.

Timagetsi tikayaka, tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolemberamo malamulo, ndi kulemba ipconfig kuti muone adiresi ya manambala ya kompyutayo. Adiresi ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyuta inapempha adiresi ku DHCP, yomwe imagawa maadiresi pa netiweki, koma sinayankhidwe, choncho Windows inadzipatsa yokha adiresi yosatha kudutsa rauta, chipangizo cholumikiza netiweki yanu ndi manetiweki ena. Lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew, muone ngati ipatsidwe yoyenera.

Tsopano gwiritsani ntchito ping, lamulo loyesera ngati chipangizo china chikuyankha, kuyambira pafupi kupita kutali: choyamba default gateway (adiresi ya rauta yanu), kenako adiresi ya manambala ya seva, pomaliza dzina lake. Manambala akayankha koma dzina likakana, chingwe ndi seva zilibe mlandu, vuto lili ku DNS, yomwe imamasulira maina kukhala manambala. Lamulo la nslookup lidzakuonetsani adiresi imene DNS ikupereka, ndipo ipconfig /flushdns imafufuta mayankho akale amene kompyuta inasunga.

Pano ndikupemphani kuti mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene ngakhale akatswiri amasochera. Seva ikapanda kuyankha ping sizitanthauza kuti yazima, popeza firewall, mlonda wa zolowa ndi zotuluka pa netiweki, ikhoza kutsekereza mauthenga a ICMP amene ping imatumiza, pomwe ntchito zina zonse zikuyenda. Ikhozanso kuyankha ping koma mafayilo osatseguka, chifukwa khomo (port) lodzera mafayilowo ndi lotseka. Ntchito iliyonse ili ndi khomo lakelake: kugawana mafayilo pa Windows kumadzera pa 445, Remote Desktop (kugwiritsa ntchito kompyuta muli patali) pa 3389, pomwe SSH (kutumiza malamulo ku kompyuta yakutali motetezeka) imadzera pa 22. Mu PowerShell, pulogalamu inanso yolemberamo malamulo, lembani Test-NetConnection, dzina la seva, kenako -Port 445. Mzere wa TcpTestSucceeded ukaonetsa False, nthawi yopita ku seva yakwana, kuti mukaone malamulo a firewall ndiponso ngati pulogalamu yogawa mafayiloyo ikugwiradi ntchito.