Nyanja ya Chilwa ikaphwa, ndani amasamuka, ndani amatsala?

[Chithunzi: mabwato ali gone pa thope long'ambika, doko la Kachulu]

Moni nonse. Mabwato mukuwaonawa ndi abwinobwino, madzi ndi amene anawathawa. Kuno ndi ku Kachulu, m'boma la Zomba, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Nyanjayi ndi yosaya, ndipo imangodalira mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, dzuwa limamwa madzi mpaka pansi kuonekera. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka thope. Zikafika apo, a pachilumba cha Chisi amabwera kumtunda wapansi kapena panjinga.

[Chithunzi: mathandala oyanikapo matemba ali mbee]

Tsono mvetsetsani apa. Chimene chimachotsa munthu pakhomo si dzuwa lokha ayi, ndi m'thumba mukauma. Matemba, makumba ndi mlamba zikasowa, amalira si msodzi yekha. Mayi wowamba nsomba, wakabaza wonyamula madengu, wogulitsa nkhuni zowambira, mwini tiyirumu wa padoko, onsewa ndalama yawo imatuluka m'madzi omwewo.

Nanga amayamba kunyamuka ndani? Ambiri timaganiza kuti ndi wosaukitsitsa. Ayi ndithu. Ulendo umadya ndalama. Mwini bwato ndi makoka amachita hayala lole, kukweza zida zake, ulendo ku Chiuta, ku Malombe kapena ku nyanja ya Malawi cha ku Mangochi. Mnyamata amene ali ndi mbale wake ku Joni amagulitsa mbuzi, mwina kutenga katapila, n'kupeza pasipoti ndi ya basi. Amene alibe chogulitsa amatsala pompo: ganyu, kutchera mbalame m'madambo, kuwotcha makala m'mapiri. Makala omwewo ndiwo amameta nkhalango zosunga mitsinje yodyetsa nyanjayi.

Amayi ambiri amatsala ndi ana, maso ali pa foni kudikira kuti Mpamba kapena Airtel Money ilira liti.

Kumene asodzi osamukawo akupitako nakonso si kuphwando. Ku Malombe chambo chinayamba kale kusowa m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kuchuluka kwa makoka, ndiye alendo akafika, kulimbirana malo oponya ukonde sikuchedwa.

Mvula ikagwa bwino, nsomba zimene zinabisala m'maiwe a m'mitsinje zimaswananso, malole aja n'kuyamba kubwerera ku Kachulu. Koma amene anagulitsa bwato kuti agule chimanga amabwerera ngati waganyu pa bwato la mnzake.