Kuyabwa kumaliseche pamene muli oyembekezera

Amayi, ndi abambo amene mwabwera nawo, zikomo. Nkhani ya leroyi ambiri amangoimeza chifukwa cha manyazi. Mayi ali ndi pakati, kumaliseche kukuyabwa usiku wonse, kwafiira, pokodza kukuwotcha. Chikazi chikutuluka choyera, chamibulu ngati mkaka woundana, koma chosanunkha. Kawirikawiri amenewo amakhala mauka oyambitsidwa ndi fangasi wotchedwa Candida.

Fangasi ameneyu sachokera kwina, amakhala kale m'thupi mwathu mwakachetechete. Mukatenga pakati, mahomoni amakwera, njira ya chiberekero imasintha, iye n'kupeza mpata woswana, makamaka mimba ikakula. Matenda a shuga, HIV, ngakhale maantibayotiki amene munamwera matenda ena, zimamuwonjezera mphamvu. Amayi pafupifupi 3 mwa 4 alionse amadwalapo kamodzi pa moyo wawo. Ndiye abambo, musayambe milandu kunyumba, matendawa sawerengedwa m'gulu la opatsirana pogonana. Si uve ayi.

Mwana ali m'mimbayo savulala nawo. Chimene chingachitike n'choti pobadwa atenge tizilonda toyera m'kamwa, ndipo timeneto timachizika.

Tsono apa tcherani khutu. Pali piritsi lakumwa la fluconazole, limene mwina linakuthandizani kale musanaime. Muli ndi pakati, limenelo ayi, ngakhale mnzanu akupatseni mwachifundo. Oyembekezera amalandira mankhwala olowetsa kumusi kapena opaka, monga clotrimazole, kwa masiku 7. Sambani m'manja, gonani chagada usiku, lowetsani ndi chala pang'onopang'ono. Tsiku lachitatu kuyabwa kukaleka, musasiye, malizani onse. Dziwaninso kuti mankhwala amenewa amafooketsa kondomu.

Ndikumva ena akunong'ona kuti, "Tingogula tokha basi." Vuto lake, si kuyabwa kulikonse kumene kuli Candida. Chikazi chikamanunkha ngati nsomba, chikakhala chachikasu kapena chobiriwira, kapena mukamva kupweteka m'chinena, kutentha thupi, kapena mukaona magazi, amenewo ndi matenda ena, ndipo ena mwa iwo amachititsa mwana kubadwa masiku asanakwane. Pitani kusikelo akakuoneni, musadikire tsiku lolembedwa m'buku.

Posamba, madzi okha kunja akwana. M'kati musalowetsemo sopo, mankhwala azitsamba kapena zonunkhiritsa, zimapha tizilombo tabwino toteteza malowo. Valani kabudula wam'kati wathonje, wosathina, wouma bwino, ndipo kuchimbudzi muzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.